Kachipinda kojambuliramo mawu kakumveka ngati m'ndowa: ndiwonjezere siponji?

Funso: Ndinamanga kachipinda kojambuliramo mawu pakona ya chipinda changa chogona. Ndi ka matabwa a plywood, mamita 1.2 uku, 1.2 uku, ndi 2.1 kuchoka pansi kufika kudenga. Mkati monse ndinamata siponji ya mizeremizere ija amati ya mu situdiyo, yokhuthala masentimita 2.5, ndipo pansi ndinayala kapeti. Ndikawomba m'manja eko palibe, koma ndikajambula, mawu akumveka ngati ndalowetsa mutu m'ndowa: olemera, osawala, manoti ena kufufuma kuposa anzake. Phokoso la panja nalonso likulowabe. Kodi ndimate siponji ina pamwamba pake, kapena vuto ndi maikolofoni?

Yankho: Siponji ina musagule, ndipo maikolofoni musayiimbe mlandu kaye. Zimene mwafotokozazi zimachitikira pafupifupi aliyense amene wamanga kachipinda kakang'ono n'kukakuta ndi siponji yopyapyala. Siponjiyo yagwira ntchito yake ndithu, koma yameza mawu apamwamba okhaokha, aja amachititsa kuti "s" ndi "t" amveke bwino komanso kuti liwu liwale, n'kusiya mawu apansi akungozungulirazungulira pakati pa matabwa. Mwachotsa zokometsa, mwatsala ndi zolemera. Chimene chikusowa m'kachipinda kanu si kuchuluka kwa malo okutidwa, popeza mwakuta kale paliponse. Chikusowa ndi kukhuthala.

Kuti muone chifukwa chake, pafunika timasamu pang'ono, ndipo si tovuta. Mawu amayenda mumpweya ngati mafunde, pa liwiro la mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Mukagawa 343 ndi nambala ya ma Hz, ndiye kuti kuchuluka kwa mafunde pa sekondi imodzi, mupeza kutalika kwa fundelo. Mawu a 10,000 Hz ali ndi funde la masentimita 3.4 basi. A 1,000 Hz, masentimita 34. A 100 Hz, mamita 3.4, kutanthauza kuti funde limodzi lokha ndi lalitali kuposa kachipinda kanu konse. Liwu la mwamuna akamayankhula limayambira pakati pa 85 ndi 180 Hz, la mkazi pakati pa 165 ndi 255 Hz. Ndiye kuti tsinde la liwu la munthu lili kumene kuli mafunde aatali mita imodzi ndi theka, mamita awiri, atatu.

Tsono siponji, thonje, bulangeti, zonsezi zimameza mawu m'njira imodzi: mpweya ukamagwedezeka umakhulana ndi timaulusi kapena timabowo ta mkatimo, mphamvu yake n'kusanduka kakutentha kosati n'kumveka m'manja. Kuti zimenezi zitheke, mpweyawo uyenera kukhala ukuyenda. Koma pakhoma penipeni mpweya suyenda, wafika pamapeto. Umayenda kwambiri patali ndi khoma mtunda wokwana gawo limodzi mwa magawo anayi a funde. Siponji yanu ya masentimita 2.5 ikufika pamalo amenewo pa mawu a 3,400 Hz ndi kupitirira. Pa 143 Hz, malo amenewo ali masentimita 60 kuchoka pakhoma. Siponji ili phee pakhoma, pamene mpweya sukuyenda n'komwe, ndipo funde likungodutsa, kumenya thabwa, n'kubwerera lonse. Kunena zoona, zomeza mawu zimagwirabe ntchito pansi pa malire amenewa, chifukwa mawu ambiri amafika chopendekera ndipo mkati mwa zinthuzi amayenda pang'onopang'ono. Koma masentimita 2.5 sangatambasuke mpaka kufika kumene kuli vuto lanu. Ndipo kumbukirani kuti siponji ya mizeremizere imayezedwa pansonga. M'makwawa mwake ndi yopyapyala koposa.

Nambala ya 143 sindinangoitola. Pakati pa makoma awiri oyang'anizana pamakhala noti imene imakwana ndendende, kotero kuti funde lopita ndi lobwera amawonjezerana mphamvu. Mumaipeza pogawa 343 ndi mtunda wa pakati pa makomawo kuwirikiza kawiri. Kwa inu, 343 kugawa ndi 2.4, yankho ndi 143 Hz, ndipo imabweranso pa 286 ndi pa 429. Tsoka lake, kachipinda kanu ndi kofanana mbali zonse ziwiri, 1.2 ndi 1.2, ndiye makoma onse anayi akuimba noti imodzimodzi. Denga ndi pansi zikuwonjezera 82, 163 ndi 245 Hz. Funde lozungulira makoma anayiwo likubweretsanso ina pa 202 Hz. Taonani pamene manambalawa aunjikana: pakati pa 140 ndi 430 Hz, m'mimba mwenimweni mwa liwu la munthu. Ndiye ndowa mukuimvayo. Ndiponso ndicho chifukwa chake manoti ena akufufuma: mukaimba noti yogwera pa 143 kapena 286, kachipinda kamakuthandizani kuimba musanakapemphe, pamene noti yoyandikana nayo kamaisiya yokha. Chipinda chachikulu nachonso chili ndi manoti otere, koma oyamba amakhala pansi kwambiri, ndipo pofika pamene pali liwu la munthu amakhala atachulukana n'kuthithikana moti palibe imodzi yotumphuka payokha.

Kuwomba m'manja ndi kumene kunakupusitsani. M'kuwomba m'manja mulibe besi yokwanira, ndiye mumangoyesa mbali imene siponji yakonza kale. Yesani motere. Lowani, tsekani chitseko, imani pamene mumaima pojambula, ndipo ng'ung'udzani "mmm" kuyambira pansi penipeni pa liwu lanu, kukwera pang'onopang'ono osadumpha. Pena pake mumva mawu akukula okha, mutu ukunjenjemera, ngati wina wakweza voliyumu. Imani pa noti imeneyo, ndipo mukung'ung'udzabe sunthani mutu kupita kungodya. Ikula. Bwererani pakati, ichepa. Kenaka gogodani thabwa ndi chibakera: likalira "bumu" kwa kanthawi m'malo mwa "du", ndiye kuti nalonso likuimba nawo. Amene akufuna kuona ndi maso angagwiritse ntchito Room EQ Wizard, pulogalamu yaulere ya pakompyuta imene imaliza mawu kuchoka pansi kufika pamwamba n'kujambula chithunzi cha mmene chipinda chikuwabwezera. Koma khutu lokha likuuzani zambiri.

Mukafufuza pa intaneti mupeza timakina towerengera kuti chipinda chimafuna siponji yochuluka bwanji. Tambiri timatsamira pa masamu a Wallace Sabine, mphunzitsi wa sayansi ku Harvard amene mu 1895 anapatsidwa ntchito yokonza holo yophunzitsiramo ku Fogg Art Museum, mmene mawu a mphunzitsi sankamveka chifukwa cha eko. Iye ndi omuthandiza ankatuta makushoni a mipando usiku kuchokera ku Sanders Theatre, kuwayala m'holomo, n'kumayeza nthawi imene mawu akutenga kuti azilale. Masamu amene anapeza anathandiza pomanga Symphony Hall ya ku Boston, yotsegulidwa mu 1900, ndipo mpaka pano ndi maziko a ntchitoyi. Koma amanena za chipinda chachikulu, mmene mawu amamwazikana mbali zonse mofanana. Kachipinda ka mamita 1.2 sikadziwa zimenezo. Muno mawu samwazikana, amangokhala manoti owerengeka aja. Chimodzimodzinso nambala ya NRC imene ogulitsa amalemba pa katoni: ndi avereji ya mmene chinthucho chimamezera mawu pa 250, 500, 1,000 ndi 2,000 Hz. Pa 125 Hz sinenapo kanthu, ndipo avereji imabisa kufooka kwa pa 250. Mukafuna kugula chinthu, funsani tebulo lonse, muyang'ane mizere ya 125 ndi 250.

Musanatulutse ndalama iliyonse, chitani ichi. Jambulani ndime imodzi muli m'kachipindamo, chitseko chotseka. Jambulaninso ndime yomweyo chitseko chili chotsegula. Kachitatu, tulutsani maikolofoni muyiimike m'chipinda chogonamo, kutali ndi makoma koma osati pakati penipeni, mupachike mabulangeti awiri olemera kumbuyo kwanu, ndipo muimbenso. Linganizani voliyumu ya zitatuzi, mumvetsere pa mahedifoni. Sindingadabwe mutapeza kuti chachitatu chaposa zonse. Chipinda chogona chili ndi matiresi, makatani, zovala, ndipo koposa zonse chili ndi malo. Anthu safuna kumva zimenezi atakhetsa thukuta kumanga, koma kachipinda kakang'ono kamamangidwa pofuna kuthawa phokoso, osati pofuna kukometsa mawu. Ngati kwanu kumakhala bata nthawi zina, kujambulira m'chipinda chachikulu nthawi zimenezo kungakhale yankho lonse.

Ngati kachipindako mukukafunabe, chimene chimagwira ntchito ndi rockwool kapena fibreglass, ya masilabu olimbirapo aja amaika m'makoma ndi m'madenga pofuna kusunga kutentha. Ya makilogalamu 45 mpaka 60 pa kiyubiki mita ndiyo imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mapanelo. Owens Corning 703, imene anthu a m'masitudiyo amaitchula kawirikawiri, ndi ya 48. Kukhuthala kwake kusachepere masentimita 10. Pamene malo akulola, ikani 15. Musaganize kuti yolemera kwambiri ndiyo yabwino kwambiri: ikathithikana mopitirira, mpweya umalephera kulowa mkati ndipo mawu apansi amangogunda n'kubwerera. Mukafika pa masentimita 20 kapena 30, yopepuka, yofutukuka ija ndiyo imaposa.

Kupanga panelo si ntchito yovuta. Khomani fulemu ya matabwa a masentimita 10 m'lifupi, yolingana ndi silabu yanu. Masilabu ambiri amabwera a masentimita 120 ndi 60, ndiye awiri oimika akuta khoma lanu limodzi m'lifupi. Dulani rockwool ndi mpeni wa mano, muilowetse m'fulemu mosaifinya. Kumbuyo musakhomeko thabwa, tambasulani kansalu kopyapyala kapena neti yongoletsa kuti isagwe. Kutsogolo kutani ndi nsalu, ndipo nsaluyo muiyese kaye: igwireni pakamwa, muuzire. Mpweya ukadutsa mosavuta n'kukufikani padzanja, ndi yabwino. Masaya akafufuma, ibwezeni, chifukwa ibweza mawu apamwamba. Kokani nsalu kuyambira pakati pa mbali iliyonse kupita kungodya kuti isachite makwinya, n'kuikhoma kumbuyo kwa fulemu. Pogwira ntchitoyi valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi masiki, ndipo chitirani panja. Timaulusi take timayabwa ndipo si tabwino kupuma. Poti muzikhala mkati mopanikizana chonchi, ndi nzeru kuika kathonje kopyapyala ka polyester, kaja amaika m'mapilo, pakati pa rockwool ndi nsalu, kuti fumbi lisamatuluke mukakhudza panelo ndi phewa.

Pokhoma, siyani mpata pakati pa panelo ndi khoma. Apa ndi pamene mumapindula popanda kugula kanthu. Mpweya umayenda kwambiri patali ndi khoma, monga tanenera, ndiye panelo ya masentimita 10 yokhala ndi mpata wa masentimita 5 kumbuyo imafika pansi kuposa yomweyo itamatidwa pakhoma. Timatabwa tiwiri tokhomera kumbuyo tikwanira kupanga mpatawo.

Ndikudziwa chimene mukuwerengera mumtima. Masentimita 10 mbali zonse, kachipinda katsala mita imodzi. Ndi mpata uja, katsala masentimita 90. Inde, ndi momwemo, ndipo palibe njira yozembera. Munthu mmodzi woimirira ndi maikolofoni amakwana pa masentimita 90, ngakhale movutikira. Ngati simungathe kukuta makoma onse mofanana, musagawe mofanana. Poti makoma anu akuimba noti imodzi, ndi bwino kuika zokhuthala kwambiri, masentimita 15 kapena 20, pa makoma awiri oyandikana, ndi zocheperapo pa ena awiriwo, kusiyana ndi kuika masentimita 5 paliponse. Funde lililonse lopita ndi kubwera lizikumana ndi chokhuthala kamodzi paulendo wake. Limodzi mwa makoma okhuthalawo likhale la kumbuyo kwanu, pa chifukwa chimene ndinene posachedwa.

Denga anthu amaliiwala, chonsecho ndi limene lili pafupi ndi pakamwa kuposa pansi. Munthu woimirira m'kachipinda ka mamita 2.1 ali ndi denga masentimita 50 kapena 60 pamwamba pa milomo yake. Pachikani panelo ya masentimita 10 pamenepo, ndi kampata ngati mutu ukulola. Ndiyonso yokhayo imene ingalimbane ndi manoti a 163 ndi 245 aja, popeza pansi simungaunjikepo rockwool. Kapeti isiyeni, imathandiza kuti mapazi asamveke, koma dziwani kuti ili ngati siponji yanu yomwe: imameza apamwamba okha. M'ngodya ndi mmene manoti onse a chipinda amakumana. M'chipinda chachikulu timadula ngodya ndi mapanelo opingasa, koma kwa inu malo amenewo palibe, kupatula kumwamba, pamene makoma akumana ndi denga, ndi pansi kumapazi. Zotsala podula muzikulunge m'nsalu n'kuzikanikiza m'menemo.

Siponji yakale ija mutha kuisiya kumbuyo kwa mapanelo ngati kumatula kukuvuta, siwononga kanthu. Pachitseko, pamene panelo yolemera ingagwetse mahinji, ikhoza kutsala, koma ngati n'kotheka nachonso chipatseni masentimita 5 a rockwool.

Pali njira ina imene ambiri saiganizira, ndipo kwa inu mwina ndiyo yabwino: kuchepetsa makoma. Plywood yopyapyala sikutchinga phokoso kwenikweni, mwaona kale, koma ikubweza mawu okwanira kuwononga zojambula zanu. Ndiye mukulipira mtengo wa khoma osalandira phindu lake. Mukachotsa thabwa limodzi kapena awiri, n'kusiya fulemu yokha yodzaza rockwool ndi nsalu mbali zonse, mawu apansi atuluka kupita m'chipinda chachikulu, ndipo pobwerera adutsanso mu rockwool ali ofooka kale. Makoma anayi oimba noti imodzi aja atha pomwepo. Ngati pojambula chitseko chili chotsegula munamva kusintha kwakukulu, njira yanu ndi imeneyi.

Tsopano za kaimidwe, zimene sizifuna msomali. Maikolofoni zambiri zoimbira ndi za mtundu wa cardioid: zimamva kutsogolo, pang'ono m'mbali, ndipo kumbuyo kwake n'kogontha. Anthu amaunjika zomeza mawu kumbuyo kwa maikolofoni, kumene simva, n'kusiya khoma la kumbuyo kwa woimba, limene maikolofoni ikuliyang'ana mwachindunji kudzera paphewa lake. Mawu anu amapita kutsogolo, kugunda khoma, kubwerera, kugunda khoma la kumbuyo kwanu, n'kulowa m'maikolofoni pakhomo lalikulu. N'chifukwa chake ndati chokhuthala chikhale kumbuyo kwanu. N'chifukwa chakenso timakoma tokhota tija amamangirira pa sitandi kumbuyo kwa maikolofoni timathandiza pang'ono chabe patokha. M'kachipinda ngati kanu sindingakulimbikitseni kugula, chifukwa kakakhala pafupi kwambiri kamawonjezera kulemera kwake pa mawu. Ngati maikolofoni yanu ndi supercardioid kapena hypercardioid, dziwani kuti imamvako pang'ono kumbuyo kwenikweni, ndipo kogontha kwake kuli chakumbuyo cham'mbali.

Mtunda wa pakamwa ndi maikolofoni ndi chida champhamvu kuposa mmene anthu amaganizira. Mukachepetsa mtundawo ndi theka, liwu lanu limakwera ndi 6 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa mawu) pamene zobwerera kuchokera kumakoma zili pomwepo. Tiyerekeze kuti khoma la m'mbali lili masentimita 60 kuchoka kwa inu. Mawu opita kukhomako n'kubwerera ku maikolofoni amayenda pafupifupi mamita 1.2. Mukaima masentimita 30 kuchoka pa maikolofoni, obwererawo ali 12 dB pansi pa liwu lanu. Mukasendera pa masentimita 15, atsika kufika 18 dB pansi. Koma musapitirire mpaka kupsompsona maikolofoni, chifukwa cardioid iliyonse imafufumitsa besi mukaiyandikira kwambiri, ndipo besi ndi imene mukuthawa. Masentimita 12 mpaka 20, ndi pop filter (kaneti kotchinga mpweya wa pakamwa) pakati, ndi poyambira pabwino. Maikolofoni isakhale pakati penipeni pa kachipinda, pamene manoti ena amazimiririka ena n'kukula, komanso isakhale m'ngodya. Isuntheni masentimita 10 kapena 15 kuchoka pakati, muipotoze pang'ono kuti isayang'anizane ndi khoma mwachindunji, mung'ung'udzenso, mumve pamene kufufuma kwachepa.

Yang'ananinso tinthu tolimba tapafupi. Sitandi yachitsulo yoikapo mawu a nyimbo, tabuleti, kawindo kagalasi, zonsezi zimabweza mawu mofulumira kwambiri moti khutu silimva eko, limangomva liwu litasintha, lopyapyala, ngati lodutsa m'paipi. Ngati njira ya mawu obwerera yatalika ndi masentimita 34 kuposa yolunjika, amafika mochedwa ndi gawo limodzi mwa 1,000 a sekondi, ndipo amafafaniza liwu lanu pa 500 Hz, pa 1,500, pa 2,500, kumapita choncho. Kuti mudziwe chimene chikuchita zimenezi, ikani kalilole pa chinthucho, muike diso pamene pamakhala pakamwa panu. Mukaona maikolofoni m'kalilolemo, chinthucho chikuponyera mawu m'maikolofoni. Chipendeketseni, kapena chiyaleni thaulo, kapena pachikani pepala lokha ndi kapini pansalu ya panelo.

Mathireyi a mazira asiyeni. Amafanana ndi siponji ya mu situdiyo pamaso pokha, koma ndi kapepala kopyapyala, sameza kanthu kooneka ndipo amayaka msanga. Zomwaza mawu, matabwa a timabokosi tosiyana kuya tija Manfred Schroeder anatulukira masamu ake m'zaka za m'ma 1970, ndi zabwino m'zipinda zazikulu, koma zimafuna mtunda kuti mawu amwazike asanafike pa maikolofoni, ndipo mtundawo mulibe. Zimene zili kale m'nyumba zomwe zimagwiradi ntchito ndi zokhuthala ndi zolowa mpweya: zovala zambiri zopachikidwa mothithikana, mabulangeti olemera opindidwa kangapo ndi kupachikidwa motalikirako ndi khoma, matiresi oimika. Zingakuthandizeni kumva kusiyana musanagule rockwool.

Nkhani ya moto musaitenge mopepuka. Siponji ya polyurethane yosathiridwa mankhwala oletsa moto imayaka mwaliwiro ndipo utsi wake ndi wakupha. Pa 20 February 2003, ku The Station, malo a zoimbaimba ku West Warwick m'chigawo cha Rhode Island ku America, moto wa makombola a pasiteji unagwira siponji yomatidwa kumakoma ndi kudenga pofuna kuchepetsa phokoso, ndipo anthu 100 anafa. Inu muli m'kabokosi ka chitseko chimodzi, siponji ili pamphuno. Dulani kachidutswa, mupite nako panja, mukayatse ndi machesi. Kakapitiriza kuyaka mutachotsa lawi, n'kumadontha, matulani yonse ngakhale ndanena kuti mutha kuisiya. Rockwool payokha siyaka, koma nsalu ndi matabwa zimayaka, ndiye nyale ikhale ya LED, mawaya akhale abwino, ndipo chitseko chizitseguka ndi kungokankha kuchokera mkati.

Mpweya nawonso. Kachipinda kanu kali ndi makiyubiki mita atatu okha, ndipo mapanelo atenga ena. Thupi la munthu limatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100 ngakhale atangokhala, ndipo rockwool ndi yosunga kutentha. Woimba akayamba kutuluka thukuta ndi kumva mutu kulemera, mawu amatsika okha, ndipo palibe panelo ingakonze zimenezo. Njira yapafupi ndi kutsegula chitseko pakatha ndime iliyonse. Njira yokhazikika ndi mabowo awiri, lolowera mpweya pansi ndi lotulukira pamwamba, lililonse lodzera m'bokosi lokhala ndi njira yokhotakhota yokutidwa ndi zomeza mawu, ndi fani yaikulu yozungulira pang'onopang'ono yoikidwa kunja. Fani yaing'ono yothamanga imalira.

Za phokoso la panja, ndikuuzeni mosabisa kuti zonse ndanenazi sizilithetsa. Kumeza mawu a mkati ndi kutchinga a kunja ndi ntchito ziwiri zosiyana. Kutchinga kumafuna kulemera, kutseka mipata, ndi kulekanitsa khoma lamkati ndi lakunja kuti kunjenjemera kusadutse. Mukawirikiza kawiri kulemera kwa khoma mumapindula 5 kapena 6 dB basi, ndiye thabwa lachiwiri la plywood silikufikitsani patali. Magawo awiri a gypsum board, mabolodi a pulasitala opangira makoma ndi siling'i, okhala ndi mpata wodzaza rockwool pakati amachita bwino kwambiri, koma pamenepo mwayamba kumanga kachipinda kena. Chimene mungachite lero ndi mipata. Bowo lokwana gawo limodzi mwa 100 a khoma limachititsa kuti khomalo, ngakhale litalemera bwanji, lisatchinge kuposa 20 dB. Lowani, zimitsani nyale mkati, muyatse ya kunja. Paliponse pamene kuwala kukulowa, phokoso likulowanso. Matani mphira m'mphepete mwa chitseko, tsekani pansi pake, ndi pamene pamadutsa waya. Phokoso lobwera kudzera pansi, la mapazi kapena galimoto zolemera, limakwera ndi sitandi, ndiye shock mount (chogwirira maikolofoni cha timalasitiki) ndi kamphira pansi pa sitandi zimathandiza. Apa muyenera kusankha: kachipinda kotseka bwino kamasunga besi yambiri mkati ndipo kamafuna zomeza zokhuthala koposa, pamene kotsegula kamamveka bwino koma sikatchinga. Pa mamita 1.2 simungapeze zonse ziwiri mokwanira. Ngati mumawerenga mabuku ojambulidwa, muyezo wa ACX, webusaiti yolandira mabuku oterewa, ndi wakuti phokoso lotsala pamene simukuyankhula lisapitirire -60 dB, ndipo ambiri amaufika posankha nthawi ya bata ndi kutulutsa kompyuta kunja, osati pomanga makoma.

EQ, chida chokwezera kapena kutsitsira mawu apansi kapena apamwamba pa zimene mwajambula, ili ndi malire ake. Kudula zonse za pansi pa 80 Hz ndi chizolowezi chabwino, kumachotsa kugunda ndi kunjenjemera osakhudza liwu la anthu ambiri. Kutsitsako pang'ono pa 143 kapena 286 kungapepuze zimene munajambula kale. Koma noti ya chipinda sikuti imangokula, imapitirizanso kulira inu mutasiya, ndipo EQ siingafupikitse kulirako. Mukadula kwambiri kuti ndowa ichoke, liwu lanu lenileni limapita nayo limodzi, poti zili pamalo amodzi.

Maikolofoni ndaisiyira kumapeto dala. Mudzamva anthu akunena kuti ya dynamic, monga Shure SM58 kapena SM7B, simva chipinda ngati ya condenser, mtundu wina wa maikolofoni wofala m'masitudiyo. Pali choonadi pang'ono, koma chachikulu n'chakuti maikolofoni zimenezi zinapangidwa kuti muziimbira pafupi kwambiri, masentimita ochepa chabe, ndipo ndi mtundawo umene ukuchepetsa chipinda. Muike dynamic ndi condenser za cardioid pa mtunda umodzi, mulinganize voliyumu, 143 Hz ija imveka mu zonse ziwiri. Ngati mutakhoma mapanelo n'kujambulanso ndime ija, kufufuma kwatha koma liwu likadali losawala, pamenepo bwerekani maikolofoni ina kwa tsiku limodzi muziyerekeze pamalo omwewo. Onaninso kuti mukuimbira mbali yoyenera: condenser zambiri zimamvera m'mbali, kumene kuli chizindikiro cha kampani kapena kadontho, osati pamwamba, ndipo woimbira kumbuyo kwake amamveka ndendende ngati mmene mwafotokozera.